Nsomba Zouma za ku Taiwan ndi Mlandu wa Ndiwo

Mumzinda wa Taipei muli msewu wakale wotchedwa Dihua, umene malonda ake aakulu ndi zakudya zouma. Pakhomo pa sitolo iliyonse pamandanda matumba ndi madengu a bowa wouma, ndere za m'nyanja, zokometsera ndiwo ndi mankhwala a zitsamba, ndipo pakati pa zonsezi pamakhala tinsomba touma tosankhidwa monga mwa misinkhu yake: tina totalika ngati chala, tina tating'ono ndi toyera ngati ulusi woduladula. Munthu wa ku Nkhotakota, wa ku Mpulungu kapena wa ku Kariba atafika pamenepo sangafunikire womasulira, pakuti fungo lokha lingamuuze kuti ali pamsika wa usipa ndi kapenta. Eni dziko amazitcha xiao yu gan, ndiko kunena kuti kansomba kouma.

Chochititsa chidwi n'chakuti Taiwan si dziko losauka. Ndi chisumbu cha anthu pafupifupi 23 miliyoni, chotchuka ndi mafakitale opanga tizipangizo tam'kati mwa makompyuta ndi matelefoni. Magetsi ali ponseponse, firiji ndi chinthu wamba m'nyumba, ndipo nsomba zaziŵisi zimapezeka pamsika tsiku lililonse. Chifukwa chenicheni chimene makolo awo ankayanikira nsomba chinatha kalekale, komabe kansomba kouma sikanachoke m'khitchini. Kuno kummwera ndi pakati pa Afirika zinthu zimayenda mwina. Usipa, matemba, kapenta ndi chisense ndizo ndiwo zodyetsa anthu miyandamiyanda, koma ndizonso ndiwo zoyamba kuchitidwa manyazi munthu akangoyamba kulandira malipiro a pamwezi. Dzina la bonya limatchulidwa monyoza, ngati chizindikiro cha nyumba imene zinthu zavuta. Pali chifukwa chokwanira chakuti ofufuza za ulimi, ngakhale amene ntchito yawo ndi ya mbewu yokha, ayang'anitsitse zimene a ku Taiwan anachita ndi nsomba zawo. Zina anachita bwino kwambiri. Zina anatsala pang'ono kuwononga, ndipo zimenezo n'zofunikanso kuzidziŵa.

Mbiri ya chakudyachi ndi mbiri ya umphaŵi, monga momwe ilili kwina kulikonse. Taiwan inalamulidwa ndi Japan kuyambira 1895 mpaka 1945, ndipo atsamunda anachisandutsa munda wa nzimbe ndi mpunga. M'zaka za m'ma 1920 akatswiri Eikichi Iso ndi Megumu Suenaga anapanga mitundu ya mpunga yokoma m'kamwa mwa anthu a ku Japan koma yotha kubereka m'dziko lotentha. Mpungawo unapatsidwa dzina lakuti Ponlai mu 1926. Wochuluka unkakwera zombo kupita ku Japan. Mlimi amene anaulima ankadya phala la mpunga wochepa wosakaniza ndi mbatata yopala ndi kuyanika, ndipo m'mabanja ambiri zinali choncho mpaka m'zaka za m'ma 1950. Phala lotere ndi lozizira m'kamwa. Chimene chinkalitsitsa kummero chinali kanthu kamchere: mpiru wovunditsa, nyemba za soya zovunditsa, ndi kachidutswa ka nsomba yamchere kapena tinsomba touma tochepa. Nyama ya nkhumba inali ya pachikondwerero.

Aliyense amene anaphunzira zopanga mitundu ya mbewu amaidziŵa Taiwan chifukwa cha mpunga waufupi wotchedwa Dee-geo-woo-gen, kholo la Taichung Native 1 ndiponso la IR8, mtundu umene unatulutsidwa ku Philippines mu 1966 n'kusintha ulimi wa mpunga mu Asia yense. Nkhaniyi imaphunzitsidwa m'makoleji ambiri a zaulimi. Sipapezeka wofunsa kuti kodi mlimi wa Dee-geo-woo-gen ankadyera chiyani mpunga wakewo. Ndi mmene kafukufuku wa ulimi wakhala akuyendera: amaŵerenga matani a chimanga ndi mpunga mosamala kwambiri, ndiwo n'kuisiyira amayi kuti aone chochita. Koma mwana sakula ndi nsima yokha. Dziko likhoza kudzaza nkhokwe zake zonse, ana ake n'kumapinimbirabe.

Malo abwino oonera mmene nsomba zouma ndi mbewu zimadalirana ndi zilumba za Penghu, zimene zili panyanja yolekanitsa Taiwan ndi China. Apwitikizi anazitcha Pescadores, kutanthauza asodzi. Kwa mlimi ndi malo ouma mtima. Mvula ndi yochepa, pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, ndipo madzi amene dzuŵa ndi mphepo zimaumitsa amaposa amene amagwa. M'miyezi yachisanu kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumpoto chakum'maŵa, yonyamula mchere wa m'nyanja umene umaŵaula masamba. Mpunga wam'madzi sungalimidwe. Anthu akumeneko anamanga timipanda ta miyala ya m'nyanja kuzungulira timadimba tawo kuti ndiwo zamasamba zibisale ku mphepo, ndipo m'minda yapoyera anadalira mbewu zopirira: mbatata, mapira ndi mtedza. Kugombe anamanga mabiyo a miyala mazanamazana, amene amatsekera nsomba madzi a m'nyanja akamaphwa. Mphepo ndi dzuŵa zimene zimazunza mbewu ndizo zomwenso zimaumitsa nsomba bwino, kotero kuti Penghu inatchuka ndi zinthu ziŵiri, mtedza ndi nsomba zouma.

Nsomba yotchuka kumeneko ndi ding xiang, kansomba kowonda kokhala ndi mzere wonyezimira m'nthiti, kamene akatswiri amakatcha Spratelloides gracilis. Mudzi wa Chikan, pachilumba cha Baisha, ndiwo likulu la usodzi wake. Amazigwira usiku, ndipo zikangofika kumtunda amaziviika m'madzi oŵira amchere kwa kanthaŵi kochepa, n'kuzitsanula, n'kuziyala padzuŵa. Zikauma amazisankha, kuchotsa zinyalala ndi nsomba zamitundu ina, n'kuzipatula monga mwa kukula kwake, pakuti msinkhu uliwonse uli ndi mtengo wake ndi ntchito yake m'khitchini. Amayi a m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi amene amafutsa usipa asanauyanike pathandala akuchita chinthu chomwechi, ngakhale kuti sanaphunzire kwa wina aliyense wa ku Asia.

Nzeru ya kufutsa ili apa. Kansomba kakang'ono kamayamba kuwonongeka kakangofa, chifukwa timadzi togaya chakudya ta m'mimba mwake timayamba kugaya mnofu wake womwe. Ndicho chifukwa chake usipa wochedwa m'bwato umaphulika mimba ndi kuŵaŵa. Madzi oŵira amaletsa kugayako, amapha tizilombo tambiri, ndipo amalimbitsa mnofu kotero kuti madzi amatulukamo msanga. Mchere umathandiza kukoka chinyezi chotsala. M'dziko lachinyezi ngati Taiwan, kumene namondwe angathe kugwetsa mvula masiku angapo osalekeza, maola oŵerengeka opulumutsidwa poyanika ndiwo amasiyanitsa malonda ndi zotaya. Masiku ano opanga ambiri amatsirizira ntchitoyi m'makina oumitsira, ndipo amasunga katundu wawo mozizira. Chimene sichinasinthe ndicho lamulo lakuti nsomba isagone pamchenga ndiponso isadikire.

Chakudya chodziŵika koposa chimaphatikiza zokolola ziŵiri za Penghu m'chiwaya chimodzi. Tinsomba timatsukidwa, n'kukazingidwa m'mafuta pang'ono pamoto wodekha mpaka titauma gwa. Kenaka amathiramo adyo, tsabola ndi anyezi wamasamba, madontho a msuzi wa soya ndi shuga pang'ono, ndipo pomaliza mtedza wokazinga kale. Mbale imeneyi imapezeka m'nyumba, m'malo odyera ndi pamene amuna akumwa moŵa. Imakhala masiku angapo osawonongeka, motero mayi amakazinga yambiri n'kumatapako. Kwa munthu wa kuno palibe chachilendo pa kukumana kwa nsomba ndi mtedza, pakuti nsinjiro imathiridwa m'nsomba zouma kuyambira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno ziŵirizi zimakumana mumphika wa ndiwo basi, pamene ku Taiwan zinatulukanso panja n'kukhala chakudya chonyamula m'thumba.

M'khitchini kansombaka kamagwira ntchito zina zambiri. Kamaŵiritsidwa kuti kapereke msuzi wophikira zina, kamakazingidwa ndi soya woumba, kamaphikidwa ndi mphukira za nsungwi kapena ndi chipatso choŵaŵa cha mtundu wa nkhaka chimene anthu akumeneko amachikonda. Ophikira kabichi amafuna nsomba ina yaphanthiphanthi youma, yotchedwa bian yu, imene amaikazinga kaye kuti inunkhire. Koma chakudya choyenera kuchitchula mwapadera ndi msuzi wa bonongwe ndi tinsomba toyera, umene umaphikidwa m'nyumba zambiri nthaŵi yotentha. Ku Taiwan bonongwe ndi mbewu yolimidwa m'mizere ndi kugulitsidwa m'mitolo, osati chomera chongotola m'munda wa chimanga. Likulu la kafukufuku wa ndiwo zamasamba limene linakhazikitsidwa ku Shanhua, m'dera la Tainan, mu 1971, lodziŵika kale ndi dzina lakuti AVRDC ndipo tsopano World Vegetable Center, linatsegula nthambi yake ku Arusha mu 1992, ndipo bonongwe ndi imodzi mwa ndiwo zimene nthambiyo yagwirirapo ntchito. Masamba a bonongwe ali ndi kashiamu wambiri, koma gawo lina ndi lomangika ndi asidi wotchedwa oxalate ndipo thupi silitha kulitenga. Wophika amene anayamba kuponya tinsomba mumphika wa bonongwe sankadziŵa dzina la asidiyo, koma anakonza cholakwikacho.

Nkhani ya kashiamu ndiyo imene yasunga ulemu wa nsomba zouma ku Taiwan wamakono. Anthu ambiri a kum'maŵa kwa Asia samwa mkaka wochuluka, ndipo ambiri akakula umawatsegula m'mimba. Kafukufuku wa boma wa kadyedwe ka anthu wakhala akusonyeza mobwerezabwereza kuti anthu ochuluka sapeza kashiamu wokwanira. Mlingo umene a zaumoyo kumeneko amalangiza ndi mamiligalamu 1,000 patsiku kwa munthu wamkulu ndi 1,200 kwa achinyamata. Magalamu 100 a tinsomba touma ali ndi mamiligalamu opitirira 2,000, pamene mkaka wa ng'ombe wolemera chimodzimodzi uli ndi ongopitirira 100 pang'ono. N'zoona kuti palibe amadya magalamu 100 a nsomba zouma nthaŵi imodzi, koma dzanja limodzi losadzaza limapereka kashiamu wofanana ndi kapu ya mkaka. Motero alangizi a zaumoyo amazitchula poyera kwa amayi oyembekezera, ana asukulu ndi okalamba, ndipo phala la mpunga lothira tinsomba toyera ndi chimodzi mwa zakudya zoyamba za khanda.

Chinsinsi chake n'chakuti kansomba kamadyedwa konse: mutu, maso, minga ndi zam'kati. Kashiamu ali m'minga. Ayironi, zinki ndi mavitamini ena zimachuluka m'mutu ndi m'chiŵindi. Mnofu wa nsomba yaikulu, umene anthu amauona ngati chakudya cha olemera, ulibe zambiri mwa zimenezi. Apa pali phunziro lopweteka kwa mabanja a m'tauni amene amakhala pansi kudula mitu ya usipa kuti uoneke waulemu pamaso pa alendo, pakuti zimene akuponyera mphaka ndizo zimene mwana akusoŵa. Ndipo kwa anthu odya chimanga phindu lake n'loŵirikiza. Chimanga, mapira ndi nyemba zili ndi phytate, amene amamanga ayironi ndi zinki m'matumbo. Kanyama kapena kansomba kochepa kodyera pamodzi kamathandiza thupi kutenga ayironi wa m'zomerazo. Opanga mbewu atha zaka zambiri akuyesa kuwonjezera ayironi m'nyemba ndi zinki m'chimanga, ntchito yabwino ndithu, koma zipatso zake zimadaliranso chimene chili m'mbale ya ndiwo.

Chinthu chimene a ku Taiwan anachita mwaluso ndicho kukaveka kansombaka zovala zatsopano. M'masitolo ang'onoang'ono otsegula usana ndi usiku, amene ali pafupifupi pangodya iliyonse m'mizinda, mumapezeka timapaketi ta tinsomba tokazinga tosakaniza ndi mtedza wa almond woduladula, topakidwa shuga ndi chitowe. Mwana amakaika m'chikwama cha sukulu, wogwira ntchito muofesi amakasunga m'kabati ya tebulo lake, ndipo mlendo wochokera ku Penghu amabwerera kwawo ndi mabokosi a mphatso. Mwana amene wakula akuona nsomba zouma pashelefu limodzi ndi mabisiketi alibe chifukwa chozichitira manyazi akadzalemera. Ulemu wa chakudya suchokera m'maulaliki a alangizi. Umabwera pamene chakudyacho chilibe mchenga, sichinunkha chivundi, chili ndi kulemera kodziŵika ndi tsiku lothera ntchito, ndipo wogula akudziŵa kuti paketi ya maŵa idzafanana ndi ya lero.

Komabe si zonse za m'mapaketi zoyenera kutamandidwa. Shuga ndi mchere zimachuluka, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, mlingo umene nsomba zamchere zimaufikitsa msanga. Almond salimidwa ku Taiwan mwamalonda. Amaitanitsidwa kunja, pamene mtedza wa alimi akomweko ukanagwira ntchito yomweyo. Palinso zokhwasulakhwasula zina zonga timizere toyera, zotchedwa ndi dzina la nsomba, zimene kwenikweni ndi mnofu wopera wosakaniza ndi ufa, shuga ndi zokometsera. Minga mulibe, ndiye kuti kashiamu amene anachititsa kuti nsomba zitchuke watsala kufakitale. Ndipo popeza ogula amakonda tinsomba toyera mbee, pakhala amalonda ena oziyeretsa ndi mankhwala, kotero kuti oyang'anira zakudya amayendera misika ndi kuchenjeza anthu kuti kuyera kopitirira muyeso n'kokayikitsa. Amene anaonapo nsomba zouma zowazidwa mankhwala ophera tizilombo m'misika ya kuno adziŵa kuti dyera limeneli lilibe mtundu.

Kumtunda kwa msika kuli zouma zina za mtengo wapatali. Mazira a nsomba ya mullet, imene imafika kugombe lakumadzulo m'nyengo yachisanu chaka ndi chaka, amathiridwa mchere, kupsinjidwa ndi kuyanikidwa, ndipo ndi mphatso yapamwamba pachikondwerero cha chaka chatsopano. Usodzi wake ndi wakale kwambiri moti kampani ya Adatchi imene inalamulira mbali ya chisumbuchi kuyambira 1624 mpaka 1662 inkaudula msonkho. Nsomba ya bonito yoŵamba ndi kuumitsa mpaka kulimba ngati chikuni inafala m'nthaŵi ya ulamuliro wa Japan. Zimenezi n'zokoma, koma sizo zimene zinalera ana a alimi.

Mlandu waukulu uli pa tinsomba toyera tija, totchedwa wen zai yu. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti ndi mtundu wa nsomba umene sukula. Zoona zake n'zakuti ndi tiana tongoswedwa kumene, makamaka ta nsomba za mtundu wa anchovy ndi sardine, ndipo muukonde wa maso ang'onoang'ono wotere mumakodwanso tiana ta nsomba zina. Pamene usodziwu unkachitika ndi manja m'mphepete mwa gombe, nyanja inkapirira. Mabwato a injini okoka makoka aakulu atafika, zinthu zinasintha. Mlimi aliyense amadziŵa dzina la mchitidwe wotere: ndiko kudya mbewu. Nsomba zing'onozing'onozi ndizonso chakudya cha nsomba zazikulu za kufupi ndi gombe, motero wozitha walanda chakudya cha zinzake. Akatswiri a zanyanja ndi magulu oteteza zachilengedwe ku Taiwan akhala akupempha anthu kuti achepetse kudya wen zai yu, ndipo ena afuna kuti usodziwu uletsedweretu. Asodzi amayankha kuti nsomba za mitundu imeneyi zimaswana mofulumira ndipo moyo wake ndi waufupi, kotero kuti zambiri zikanafa zokha. Mkanganowu sunathe.

Boma linasankha njira yapakati. Mabwato ogwira tiana ta nsomba amafunika chilolezo chapadera, pali malire a matani ogwidwa pachaka, saloledwa kufika pafupi kwambiri ndi gombe, ndipo dera lililonse limatseka usodziwu kwa miyezi itatu m'nyengo yotentha. Ku Penghu ding xiang siigwidwa m'mwezi wa Meyi, kuti iikire mazira ndi kuti tiana tikuleko. Malamulo ameneŵa ndi abwino, koma anadza pambuyo poti asodzi eniake ayamba kuona makoka akubwera opepuka. Ndipo pa nkhani ya usodzi dziko la Taiwan silingaimikidwe ngati chitsanzo chopanda banga: mu 2015 bungwe la maiko a ku Ulaya linalichenjeza chifukwa cholephera kulamulira zombo zake zopha nsomba m'nyanja zakutali, ndipo chenjezolo linachotsedwa mu 2019 malamulo atakhwimitsidwa.

Zitsanzo zolimba koposa n'zimene asodzi anamanga okha. Ku Donggang, kummwera kwa chisumbuchi, kumagwidwa tinkhanu tofiira totchedwa sakura shrimp, timene timaumitsidwanso ndipo timagwidwa mwamalonda m'malo oŵerengeka okha, monga kumeneko ndi ku Suruga Bay ku Japan. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 asodzi ake anapanga gulu, nagwirizana kuti azigwira kuyambira Novembala mpaka Meyi basi, kuti bwato lililonse likhale ndi malire a mabokosi patsiku, ndi kuti malonda azichitika poyera pamalo amodzi. Katundu amene kale anali wotsika mtengo anakhala wamtengo wapatali, ndipo msodzi anaona ndi maso ake kuti kugwira zochepa kungathe kulemeretsa kuposa kugwira zambiri.

Chitsanzo china n'chakale kuposa boma lililonse limene linalamulirapo Taiwan. Pachilumba cha Lanyu, kummwera chakum'maŵa, pamakhala mtundu wa anthu otchedwa Tao, amene chaka chawo chonse chimayendera nsomba zouluka zobwera ndi mkokomo wa madzi ofunda wa Kuroshio. Nyengo yogwira imatsegulidwa ndi mwambo kumayambiriro kwa chaka ndipo imatsekedwa chapakati pa chaka. Nsombazo zimang'ambidwa, kuthiridwa mchere ndi kupachikidwa padzuŵa, n'kumadyedwa ndi koko ndi mbatata zolimidwa ndi amayi. M'nyengo imeneyi nsomba za m'matanthwe a kugombe zimapuma. Koma lamulo lozama koposa ndi ili: pali tsiku, miyezi ingapo nyengo itatsekedwa, limene banja limadya nsomba zouluka komaliza, ndipo zotsala zonse sizidyedwanso ndi munthu. Poyamba lamuloli limaoneka ngati kuwononga chakudya. Koma munthu amene akudziŵa kuti zotsala adzataya alibe chifukwa chogwirira zopitirira zimene banja lake lingathe kudya. A Tao anaika malire pa nkhokwe, ndipo malire a panyanja anatsatira okha.

Mwambo woterewu si wachilendo kuno. Pachilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, Mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi chaka chilichonse kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo asodzi amasamuka pachilumbapo kufikira tsiku lotsegulira. Koma m'magombe ena ambiri a m'chigawo chino maneti otetezera udzudzu asanduka makoka, ndipo akukokolola tiana ta nsomba monga momwe mabwato a wen zai yu ankachitira. Aliyense wofuna kukweza malonda a nsomba zouma ayenera kuyamba wayankha funso la nyanja, chifukwa msika ukakoma ukonde umachepa maso.

Pali chitsutso china cholemera, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Usipa ndi kapenta ndi ndiwo za osauka chifukwa zimagulidwa pamulu waung'ono, ndi ndalama imene mayi ali nayo tsiku limenelo. Zikaloŵa m'mapaketi okongola n'kukwera mashelefu a masitolo aakulu, kodi mtengo sudzakwera mpaka mwini ndiwo n'kulephera kuigula? Ngoziyo ilipodi, ndipo ku Taiwan ding xiang yabwino ya ku Penghu si chakudya chotsika mtengo lero. Koma kumeneko malipiro a anthu anakwera pamodzi ndi mtengo wa nsomba, chinthu chimene sichingalonjezedwe kuno. Yankho lake lagona pa nsomba zimene zikutayika kale. Nyengo ya mvula, pamene usipa umachuluka, milu yambiri imavunda pathandala kapena kugwa mphutsi, ndipo imatsika n'kukhala chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Nyumba zoyanikira za pulasitiki, zimene zayesedwa m'mbali mwa nyanja za Malaŵi ndi Chilwa, zimapulumutsa nsomba zoterezi ku mvula, fumbi ndi ntchentche. Nsomba yopulumutsidwa siilandidwa m'mbale ya wina aliyense. Mpikisano woopsa kwa wosauka ndi wa opanga chakudya cha ziŵeto ndi cha nsomba zoŵeta, amene amagula pamatumba. Kusandutsa kansomba kodyedwa ndi minga yomwe kukhala mnofu wa nkhuku ndi malonda opindulitsa, koma kwa mwana wa kumudzi n'kuluza.

Malaŵi inali paubale ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, ndipo m'zaka zimenezo akatswiri a ulimi ochokera kumeneko anagwira ntchito m'masikimu a mpunga wothirira, monga ya Domasi, ndi pa ulimi wa ndiwo zamasamba. Mtsinje wa Domasi umathira m'nyanja ya Chilwa, kwawo kwa matemba, nyanja imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995 n'kudzadzanso. Mpunga ndi kansomba kouma, zimene ku Taiwan zimadyedwa m'mbale imodzi, zinali moyandikana chotere m'chigwa chimodzi. Koma ntchito za chitukuko za nthaŵi imeneyo, kaya zochokera kuti, zinkaona mpunga ngati nkhani ya unduna wina ndi nsomba ngati ya dipatimenti ina.

Gawo la akatswiri a mbewu pa nkhaniyi n'looneka ndi maso, ndipo lili pa mtedza. Mtedza wochuluka wa ku Taiwan umalimidwa m'dera la Yunlin, ndipo umodzi mwa mitundu yokondedwa pokazinga ndi Tainan Selection 9, wa njere zazing'ono koma wonunkhira. Njere yaing'ono imapsa mofanana ndipo imalingana msinkhu ndi kansomba. Kuno mitundu imayesedwa pa zokolola, mafuta, kupirira matenda a kadukutu ndi kukula kwa njere zogulitsa kunja. Chalimbana anatchuka chifukwa cha njere zazikulu, CG7 wotulutsidwa mu 1990 chifukwa cha zokolola ndi mafuta, Kakoma chifukwa chocha msanga. Pamapepala oyesera mitundu sipakhala danga lofunsa kuti ndi uti umene ukoma ukakazingidwa ndi usipa, kapena umene ukhala milungu ingati m'paketi mafuta ake asanayambe kununkha, ngakhale kuti zimenezi n'zoyezeka pa siteshoni iliyonse yokhala ndi chiwaya ndi sikelo.

Cholepheretsa chachikulu ndi chuku. Poizoni wa aflatoxin, wopangidwa ndi nkhungu ya Aspergillus flavus, amaloŵa mumtedza umene wavutika ndi ng'amba uli m'nthaka, umene wavulala pokumba, kapena umene wanyowetsedwa kuti usendeke mosavuta. Ndipo kukazinga sikumuthetsa. Amawononga chiŵindi, ndipo pali umboni womugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Nsomba youma yosungidwa pachinyezi nayonso imachita nkhungu. Paketi ya nsomba ndi mtedza yopangira ana asukulu, ngati zonse ziŵiri sizinaumitsidwe ndi kusankhidwa bwino, ingathe kubweretsa vuto lomwe ikufuna kuthetsa. Ku Taiwan malire a aflatoxin ndi magawo 15 pa biliyoni mumtedza wosakonzedwa ndi magawo 4 mumtedza wodyedwa mwachindunji, ndipo oyang'anira zakudya amatenga zitsanzo m'misika, kuziyeza, n'kulengeza poyera katundu amene walephera. Maiko a ku Ulaya nawonso amalola magawo 4 okha pa mtedza wodyedwa mwachindunji. Mtedza wa kuno umene umayezedwa mosamala kaŵirikaŵiri ndi wopita kunja. Wokanidwa pa kusankhako umabwerera kumsika wa kumudzi, kumene umasinjidwa n'kuthiridwa m'phala la ana.